Zikhadabo Zimanena za Magazi

Chikhadabo chimamera kuchokera ku muzu wobisika pansi pa khungu. Cha kudzanja chimakula pafupifupi mamilimita 3 pamwezi, ndipo chikazuka chimatenga miyezi 6 kuti chibwerere. Cha kuphazi chimatha chaka kapena kuposerapo.

Kufiirira kwa chikhadabo kumachokera ku magazi oyenda kunsi kwake. N'chifukwa chake adotolo amachiyang'ana poyesa wodwala. Chikayera mbee, kapena kulowa m'kati ngati supuni, kawirikawiri magazi amakhala atachepa m'thupi. M'midzi ya m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi, kuyambira ku Monkey Bay kufikira ku Makanjira ndi ku Malombe, matenda otha magazi ndiwo malungo, likodzo ndi njoka zam'mimba zolowera kumapazi. Mayi wapakati kapena mwana wa zikhadabo zoyera ayenera kupita kuchipatala msanga kukayezetsa magazi. Wopaka utoto ayambe waufufuta, pakuti umabisa chizindikirochi.

Zikhadabo ziwengedwe mlungu uliwonse, ndipo zakumapazi zidulidwe mowongoka kuti zisalowe m'mnofu. Aliyense akhale ndi lumo lakelake, popeza kubwerekana kungathe kufalitsa matenda oyenda m'magazi. Nsapato nazo zimatchinjiriza ku njoka zija ndi ku matekenya obisala mumchenga.