Zigawenga zikawomba mfuti, timu ibwerere kapena isewerebe?

Pa 8 Januwale 2010, basi yonyamula timu ya dziko la Togo inali itangowoloka malire kuchokera ku Congo-Brazzaville kulowa m'chigawo cha Cabinda ku Angola, komwe anyamatawo amayenera kukasewera mpikisano wa chikho cha Africa. Mwadzidzidzi zipolopolo zinayamba kuvumba kuchokera m'nkhalango. Osewera anadzigwetsa pansi pa mipando, magalasi akusweka, magazi a anzawo akuyenderera m'basimo. Wothandizira mphunzitsi, Amelete Abalo, ndi mneneri wa timuyo, Stanislas Ocloo, anamwalira. Goloboyi Kodjovi Obilalé anamuwombera kumsana ndipo anathamangira naye pa ndege kuchipatala cha ku Johannesburg. Anapulumuka, koma mpira wake unathera pomwepo. Gulu la FLEC, lomwe limafuna kuti Cabinda idziyimire payokha, ndilo linavomera kuti lachita chiwembucho.

Mpikisano sunayime. Patangopita masiku atatu, ku Luanda, anyamata a Flames motsogozedwa ndi Kinnah Phiri anathibula Algeria ndi zigoli 3 kwa duu, kudzera mwa Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Amalawi akuvina m'misewu, ku Lomé, likulu la Togo, kunali maliro. Boma la Togo linali litatumiza ndege kukatenga timu yake, ngakhale ena mwa osewerawo amafuna kuti asewerebe polemekeza anzawo omwe anatisiya.

Chomwe chinapweteka anthu kwambiri ndi chigamulo cha bungwe la CAF, lomwe panthawiyo mtsogoleri wake anali Issa Hayatou. Bungweli linaletsa Togo kutenga nawo mbali m'mipikisano iwiri yotsatira, ati boma linalowerera nkhani za mpira. Anthu omwe anali asanaume misozi anapatsidwa chilango ngati olakwa. Chiletsocho chinachotsedwa mu Meyi chaka chomwecho, mtsogoleri wa FIFA Sepp Blatter atalowererapo, koma chilonda chinatsala.

Nkhani ya Togo ikuonetsa poyera kuti munthu amene wangowona imfa ndi maso sayenera kukakamizidwa kuvala jombo. Koma mbali ina ya nkhaniyi ili ku Pakistan, dziko lomwe kiriketi ndi masewera a mumtima mwa aliyense.

Pa 3 Malichi 2009, zigawenga zinathira zipolopolo basi ya timu ya Sri Lanka mumzinda wa Lahore, ikupita ku bwalo la Gaddafi. Apolisi 6 ndi anthu wamba 2 anafa. Dalaivala wa basiyo, Mehar Mohammad Khalil, sanataye mtima: anaponda moto mpaka kukalowa m'bwalo, ndipo osewera, ena ali ndi mabala, anawanyamula pa helikopita yomwe inatera pakati pa bwalolo. Palibe amene anawadzudzula pobwerera kwawo.

Koma zotsatira zake zinagwera anthu osalakwa. Pakistan inalandidwa mwayi wochititsa nawo chikho cha dziko lonse cha 2011. Masewera ake apakhomo anayamba kuchitikira ku Dubai, Abu Dhabi ndi Sharjah, nthawi zambiri mipando ili mbee. Ana a ku Karachi ndi Lahore anakula akuonera akatswiri awo pa wailesi ya kanema basi. Anthu 12 onyamula mfuti anatseka mabwalo a dziko lonse kwa zaka zambiri, ndipo n'zimene zigawenga zimafuna: kuti dziko lisalidwe, alendo alithawe, anthu akhale mwamantha.

Omwe anatsegula njira ndi anansi athu a ku Zimbabwe. Mu Meyi 2015 timu yawo inakhala yoyamba mwa matimu akuluakulu a kiriketi kupondanso ku Pakistan. Masewera ali mkati, bomba linaphulika pafupi ndi bwalo la Gaddafi, koma Azimbabwe anamaliza ulendo wawo, ndipo ochemerera a ku Lahore anawalandira ngati abale. Mu Disembala 2019 Sri Lanka yomweyo inabwerera kukasewera ku Rawalpindi ndi Karachi.

Palinso njira yapakati yomwe England inatsata mu 2008. Zigawenga zitapha anthu oposa 160 ku Mumbai mu Novembala, timuyo inanyamuka ku India kubwerera kwawo. Akatswiri a chitetezo anaunika bwino, masewera anasamutsidwira ku Chennai ndi Mohali, ndipo osewera motsogozedwa ndi Kevin Pietersen anabwereranso mu Disembala. Anapuma kaye, anamva zoona zake, kenako anasankha. Izi zikusiyana ndi zomwe zinachitika mu Seputembala 2021, pomwe New Zealand inalengeza kuti ikuchoka ku Rawalpindi masewera atatsala pang'ono kuyamba. Boma lawo linati lalandira chenjezo, koma eni dziko anadandaula kuti sanauzidwe tsatanetsatane wake, ndipo patangopita masiku ochepa England nayonso inalephereza ulendo wake.

Tikaphatikiza zonsezi, yankho silikhala loti matimu onse azithawa kapena onse azilimba mtima. Funso loyamba ndi lakuti chiwembucho chinalunjika ndani: timuyo, ngati ku Cabinda ndi Lahore, kapena chinachitikira kwina. Lachiwiri ndi lakuti kodi amene aunika chitetezo ndi akatswiri oyima paokha, kapena ndi akuluakulu omwe maso awo ali pa ndalama za makampani owulutsa masewera. Lachitatu, lomwe ndi lalikulu, ndi ufulu wa wosewera aliyense. Iye ndiye ali ndi mkazi, ana ndi makolo kumudzi, ndipo iye ndiye amakhala pafupi ndi zenera la basi. Akati sapita, asachotsedwe m'timu kapena kutchedwa wamantha, pakuti moyo saika pachiswe.

Mabungwe monga CAF, FIFA ndi ICC (loyendetsa kiriketi) ayenera kulemba m'malamulo awo kuti timu yomwe yachitidwa chiwembu ikhoza kuchoka popanda chilango, komanso kuti ulendo woyimitsidwa upatsidwe tsiku lina m'malo mongoufafaniza. Matimu athu nawonso amayenda m'mayiko omwe muli nkhondo ndi zigawenga, choncho akuluakulu a masewera kuno kwathu ayenera kukankha nawo kuti malamulowa akhazikitsidwe ndege ina isananyamuke.