Zimene Ibn Battuta anaona ku Walata

M'chaka cha 1352, Ibn Battuta wa ku Tangier anadutsa chipululu cha Sahara n'kufika ku Walata, mu ufumu wa Mali. Atamulandira ndi mchewere wosinja wothira uchi ndi mkaka, anaona ngati amupeputsa, mpaka anaganiza zobwerera. Eni mzinda ankati amulemekeza.

Chinamudabwitsanso n'chakuti anthuwo ankawerengera mtundu wawo kwa atsibweni, ndipo chuma cha malemu chinkapita kwa ana a mlongo wake. Ife a ku Mangochi ndi Nkhotakota sitingadzidzimuke nazo zimenezi. Komatu iye mwini analemba kuti anthu omwewo ankasunga Swala ndi kuloweza Qur'an.

Maso ake anaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana. Za chuma cha masiye, Surat An-Nisa inagawa kale, ndipo pamenepo nafenso tili ndi mlandu. Koma mchewere uja sunaphwanye lamulo lililonse, unangosiyana ndi chakudya cha kwawo.

Timazionanso mwana wathu akabwerako kumaphunziro ku Madina kapena Khartoum. Amadzudzula kulanda chuma cha ana amasiye, limene ndi tchimodi, n'kudzudzulanso chitenje cha mayi ake pamene chikuphimba thupi bwinobwino.