Chifukwa Chake Khutu Limakakamira Nyimbo za Paunyamata

Loweruka lina madzulo ndikuchokera kogula zinthu ku Glasgow Fort, mwana wa mchemwali wanga wa ku Ndirande ananditumizira nyimbo pa WhatsApp. Analemba kuti: "Amalume, imene yavuta kuno ndi imeneyi." Ndinaimvetsera mpaka pakati, kenako ndinaizimitsa n'kumuyankha kuti limeneli ndi phokoso chabe. Iye anatumiza tizithunzi toseka, n'kuwonjezera kuti: "Pepani amalume, koma tsobola wakale sawawa."

Ndisanafike kunyumba, zinthu ziwiri zinandivutitsa maganizo. Choyamba, mawu akuti "phokoso" ndi omwewo amene bambo anga ankanena ndikatsegula kaseti ya rege ndili mnyamata. Chachiwiri, m'nyimbomo munali mawu angapo amene sindinawamve tanthauzo, chonsecho woimbayo amaimba m'Chichewa, chiyankhulo chimene ndinayamwira. M'nkhani ino ndifotokoza chifukwa chake munthu akamakula amasiya kutsata nyimbo zatsopano, komanso chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza wina aliyense wophunzira kapena wophunzitsa Chichewa ali kunja kwa Malawi.

Nyimbo zimene zinandilera

Ndinabadwa mu 1979. Ndili mwana, wailesi m'dziko muno, kapena ndinene kuti m'dziko lakwathu, inali imodzi yokha, ya MBC. Pakhomo pathu tinkamvera mapologalamu monga Zokonda Amayi ndi Nyimbo za M'maboma, ndipo mawu a Allan Namoko, Robert Fumulani ndi Daniel Kachamba ankamveka nyumba iliyonse. Zimenezo zinali nyimbo za makolo anga.

Zanga zinabwera ndili ndi zaka 14, m'nyengo ya riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994. Nthawi imeneyo kayimbidwe ka ku Balaka, kamene kanakulira mu Alleluya Band ya Paul Banda, kanali katagwira dziko, ndipo Lucius Banda ankaimba zinthu zimene akuluakulu anali atazolowera kunong'ona. Pambuyo pake kunabwera Evison Matafale wa ku Chileka, amene anamwalira mu Novembala 2001 ine ndili ndi zaka 22. Ndinachoka ku Malawi mu 2005. Ndikaona nyimbo zimene zili mu foni yanga lero, pafupifupi zonse zinatuluka chaka chimenecho chisanafike. Uthenga wa imfa ya Lucius Banda utandipeza mu Juni 2024, ndinalira ngati wamwalira mbale wanga, ngakhale kuti zimbale zake zomalizira ndinali ndisanazimvepo.

Zimene ofufuza anapeza

Vutoli si langa ndekha. Mu 1989, Morris Holbrook ndi Robert Schindler a ku America anamvetsetsa anthu a misinkhu yosiyanasiyana nyimbo zotchuka za zaka zosiyanasiyana. Iwo anapeza kuti anthuwo ankakonda kwambiri nyimbo zimene zinatchuka iwo ali ndi zaka pafupifupi 24. Mu 2018, Seth Stephens-Davidowitz anaunika zimene anthu amamvera pa Spotify, ndipo analemba m'nyuzipepala ya New York Times kuti nyimbo zimene munthu amazikonda atakula kawirikawiri ndi zimene zinatuluka ali ndi zaka 13 ngati ndi mkazi, kapena 14 ngati ndi mwamuna. Manambalawa akusiyana, koma onse akuloza nyengo imodzi: kuyambira pamene munthu watha msinkhu kufikira pamene akuyamba kudziimira payekha.

Pali zifukwa zitatu zimene ndikuona kuti zikufotokoza bwino zimenezi.

Choyamba, nyimbo ya paunyamata simabwera yokha. Imabwera pamodzi ndi chibwenzi choyamba, disiko ya kusekondale, ulendo woyamba wa kutauni. Munthu akaimvanso patapita zaka makumi awiri, sakumva gitala yekha ayi, akumvanso moyo wake. Nyimbo yatsopano ilibe katundu ameneyu, choncho imamveka yopepuka.

Chachiwiri ndi kubwereza. Katswiri wa za maganizo Robert Zajonc anaonetsa mu 1968 kuti anthu amayamba kukonda chinthu chifukwa chongokumana nacho kawirikawiri. Mnyamata amamva nyimbo imodzi kambirimbiri pa sabata. Munthu wamkulu amaimva kamodzi, mwinanso theka ngati mmene ndinachitira ine, n'kugamula mlandu.

Chachitatu ndi anthu okuzungulira. Wachinyamata akapanda kudziwa nyimbo yatsopano anzake amamuseka, ndiye amayesetsa. Munthu wa pabanja amene akuganiza za lendi, fizi ndi ndalama zotumiza kumudzi palibe amene angamuseke chifukwa cha nyimbo.

Zimene Easterhouse yandiphunzitsa

Ndimakhala ku Easterhouse, dera la kummawa kwa mzinda wa Glasgow. Khonsolo ya mzindawu inayamba kumanga nyumba kuno m'zaka za m'ma 1950 pofuna kuchotsa anthu m'nyumba zothithikana za m'kati mwa tauni. Poyamba kunalibe masitolo okwanira kapena malo achisangalalo, ndipo magulu a anyamata ankamenyana. Mu 1968 woimba wotchuka Frankie Vaughan anabwera kuno kudzalankhula ndi anyamatawo, ndipo ena mwa iwo anapereka mipeni ndi zida zina.

Mayi wina wachikulire amene ndinayandikana naye nyumba amakumbukira chaka chimenecho ngati dzulo. Amasimbanso za madansi a ku Barrowland Ballroom ali mtsikana. Zidzukulu zake zikatsegula nyimbo zawo, iye amati n'zaphokoso. Mayiyu sanasamukepo dziko, koma khutu lake linaima pa utsikana wake monga langa linaimira pa unyamata wanga. Apa ndinatsimikiza kuti msinkhu paokha uli ndi mphamvu.

Komabe pali kusiyana pakati pa iye ndi ine. Iye nyimbo zatsopano za kwawo zimamupeza, afune asafune: pa wailesi, m'sitolo, kwa zidzukulu. Ine za kwathu sizingandipeze pokhapokha nditazifunafuna. Ku Malawi munthu sasankha nyimbo, nyimbo ndi imene imasankha munthu. Imakupeza mu minibasi ya ku Limbe, pa kabaza wa njinga yamoto, kwa anyamata owotcha nyimbo mumsika, pa perekaniperekani wa ukwati. Gogo wa ku Mchinji amene sanagulepo chimbale amatha kung'ung'udza nyimbo ya chaka chino. Kuno m'basi mumakhala zii, aliyense ali ndi timahedifoni take m'makutu. Ngakhale YouTube ndi Spotify sizithandiza kwenikweni, chifukwa zimaona zimene umakonda kale n'kukupatsa zofanana nazo. Ukatsegula Black Missionaries, zimakubweretsera rege ina ya nthawi yomweyo. Motero mlendo amakalamba kawiri pa nyimbo: chifukwa cha zaka, komanso chifukwa cha mtunda.

Nyimbo ikakusiya, chiyankhulo chakusiyanso

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudzira maphunziro athu. Mawu atsopano a Chichewa sayambira m'mabuku. Amayambira pa depoti, m'masukulu ndi m'makwalala, ndipo nyimbo ndi imene imawanyamula kuwafikitsa dziko lonse. Kalankhulidwe ka m'tauni kameneka ofufuza ena amakatcha Chibrazi.

M'nthawi yathu tinkati "madala" ponena bambo, "masteni" ponena mayi, ndi "aise" poitana mnzathu, ndipo tinkadziona ngati otsogola. Lero ana amamva ena mwa mawuwa ngati a anthu akuluakulu. Woimba wamakono angatenge mneni wa Chingerezi n'kumuveka zovala za Chichewa: amaika "ku-" kumayambiriro ndi "-a" kumapeto, n'kupanga mawu ngati "kufila" ndi "kutchila". Akatero mneniyo amatsata malamulo onse a galamala yathu: "ndikukufila", "tinatchila", "sitidzatchila". Wophunzira amene akuvutika ndi aphatikiri a mwininkhani, a nthawi ndi a pamtherankhani angawaone bwino m'mawu otere, chifukwa tsinde akulidziwa kale. Palinso mawu ochokera ku Chinyanja cha ku Lusaka, monga "manje", amene achinyamata a ku Malawi amawamva m'nyimbo za oimba ngati Yo Maps.

Choncho mphunzitsi amene anachoka kumudzi kalekale ali pachiopsezo. Akhoza kumaphunzitsa Chichewa cholondola, koma cha chaka chimene anakwera ndege. Wophunzira wake akatsika pa bwalo la ndege la Chileka adzapereka moni wabwino kwa akuluakulu, koma sadzamva zimene anzake a msinkhu wake akukambirana. Sindikunena kuti tisiye Chichewa cha m'mabuku. Nyimbo zakale zili ndi miyambi ndi mikuluwiko imene wophunzira sangaipeze kwina mosavuta. Ndikunena kuti chiyankhulo chamoyo chili mbali zonse ziwiri.

Mlatho ulipo

Zakale ndi zatsopano si adani. Mu 2020 Patience Namadingo anajambula nyimbo pamodzi ndi Giddes Chalamanda, amene anabadwa mu 1930. Nyimbo ya Linny Hoo inafala pa TikTok mpaka m'mayiko amene anthu sadziwa liwu ngakhale limodzi la Chichewa. Ana amene sankamudziwa Chalamanda anayamba kumuimba, ndipo akuluakulu amene sankalabadira oimba achinyamata anatchera khutu.

Kuchokera pa zimene ndayesa ndekha, ndikupereka maganizo atatu kwa ophunzira ndi aphunzitsi. Poyamba, musagamule nyimbo yatsopano musanaimve kasanu, pa masiku osiyana. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kachiwiri, m'kalasi ikani nyimbo ziwiri za mutu umodzi, monga chikondi kapena umphawi, ina ya Namoko kapena Fumulani, ina ya Eli Njuchi, Driemo kapena Zeze Kingston, ndipo ophunzira afanizire mawu, kaitanidwe ka anthu ndi mmene Chingerezi chalowereramo. Kachitatu, lembani mawu amene simunawamve n'kufunsa wachinyamata amene ali ku Malawi. Kufunsa mwana si kuchepa.

Ine ndinabwerera ku nyimbo ija. Inali ya kayimbidwe ka amapiano, kochokera ku South Africa. Ulendo wachiwiri ndi wachitatu inali phokosobe. Ulendo wachisanu ndi chimodzi ndinadzipeza ndikuing'ung'udza ndikutsuka mbale. Ndinalemba mawu anayi amene anandisowetsa mtendere n'kumutumizira mwana wa mchemwali wanga uja. Anandimasulira atatu. Lachinayi anakana, akuti limenelo si loti n'kuuza amalume.

Lamulungu madzulo ndimatsegulabe Matafale, pakuti madzi saiwala khwawa. Koma tinagwirizana kuti mwezi uliwonse azinditumizira nyimbo imodzi yatsopano, inenso ndizimutumizira imodzi yakale. Mwezi watha anandifunsa tanthauzo la mwambi wina umene anaumva m'nyimbo ya Paul Banda.