Chifukwa chake tsitsi limathothoka munthu akachepetsa thupi mofulumira

Anthu amene amachepetsa thupi mofulumira kwambiri, kaya podzimana chakudya, pogwiritsa ntchito mankhwala kapena pochitidwa opaleshoni, amakhala pa chiopsezo chothothoka tsitsi. Vutoli silionekera nthawi yomweyo, koma pakatha miyezi iwiri mpaka inayi, mwini wake ataiwala kale chimene chidaliyambitsa.

Nkhaniyi ikukhudzanso dziko lino. Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu yemwe nthambi ya National Statistical Office idachita mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 adali onenepa kupyola muyeso, ndipo m'mizinda chiwerengerochi chidafika pa 36. Ogwira ntchito za mu ofesi, omwe amaswera pampando tsiku lonse, ndi ena mwa anthu amene madotolo amawalangiza kuchepetsa thupi pofuna kupewa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Langizoli ndi loyenera. Pamene pagona vuto ndi pa liwiro lake komanso pa zakudya zimene munthu wasankha kusiya.

Pamutu pa munthu pamakhala tsitsi pafupifupi 100,000, ndipo lililonse lili ndi muzu wake umene umagwira ntchito mwa nyengo. Muzu umakulitsa tsitsi kwa zaka ziwiri mpaka zisanu ndi chimodzi, kenaka umaleka n'kupuma kwa miyezi pafupifupi itatu. Pakutha pa mpumulowo tsitsi lakale limagwa kuti latsopano limere. Nthawi ina iliyonse mizu 85 mpaka 90 mwa 100 imakhala ili pa ntchito, yotsalayo ikupuma, n'chifukwa chake munthu wathanzi amataya tsitsi 50 mpaka 100 pa tsiku iye osazindikira.

Maselo a m'mizuyi ali m'gulu la maselo ochulukana mofulumira kwambiri m'thupi, kotero amafuna mphamvu ndi zomanga thupi zambiri. Komabe tsitsi si chiwalo chosunga moyo. Chakudya chikachepa mwadzidzidzi, thupi limachita zomwe umachita unduna ndalama zikaperewera pakati pa chaka: limayamba lagawira ubongo, mtima, chiwindi ndi impso, ntchito zina n'kuziimitsa kaye. Pamenepo mizu yambiri imalowa pa mpumulo nthawi imodzi, nyengo yake isanakwane. Tsitsi la pa muzu wopuma limakhalabe pamutu kwa miyezi itatu ija, ndipo ikatha limagwa lambiri pakamodzi. Madotolo amalitcha vutoli telogen effluvium, dzina lomwe adalipereka ndi katswiri wa matenda a khungu wa ku America, Albert Kligman, mu 1961. Limachitikanso mayi akangobereka, munthu akadwala matenda otenthetsa thupi kwambiri, ngakhalenso akagwidwa ndi nkhawa yaikulu.

Kuchedwa kumeneku ndi kumene kumasokoneza anthu. Munthu amene mu Januwale adasiya nsima ndi ndiwo n'kumadalira zipatso ndi madzi a mandimu, amayamba kuona tsitsi litadzaza chipeso mu Epulo. Pofika nthawiyo mwina wayambiranso kudya bwino, choncho amaloza chala mafuta odzola, wa ku saluni, madzi a pampopi, penanso anzake a ku ntchito kuti akumuchitira kaduka. Ndalama zimathera ku mafuta atsopano pomwe gwero la vuto lidali pa mbale.

Ubale wa kadyedwe ndi tsitsi udadziwika kale pakati pa madotolo. Mu 1976, Goette ndi Odom adalemba m'magazini ya zachipatala ya JAMA za odwala asanu ndi anayi omwe tsitsi lawo lidathothoka kwambiri patatha miyezi iwiri mpaka isanu chiyambireni kudzimana chakudya. Aliyense adali atataya makilogalamu apakati pa 11 ndi 25, ndipo tsitsi lidameranso patapita miyezi ingapo.

Zinthu zitatu zimene mizu ya tsitsi imasowa msanga ndi puloteni, ayironi ndi zinki. Tsitsi lenilenilo ndi puloteni, ndipo aliyense amene adaonapo mwana wonyentchera akudziwa momwe tsitsi lake limafiirira n'kumazuka mosavuta. Kuno kwathu anthu ambiri amayamba kudzimana chakudya thupi lili loperewedwa kale. Kafukufuku wa 2015 ndi 2016 uja adapeza kuti mayi mmodzi mwa atatu alionse adali ndi vuto la kuchepa kwa magazi, ndipo kafukufuku wa michere yemwe adachitika nthawi yomweyo adapeza kuti amayi ndi abambo oposa 60 mwa 100 alionse adali ndi zinki wochepa m'thupi. Kunenepa sikutanthauza kuti thupi lili ndi michere yokwanira. Mayi wonenepa koma wochepa magazi akasiyanso nyama, mazira ndi nyemba, tsitsi silingachitire mwina.

Majakisoni ochepetsa thupi awonjezera chiwerengero cha odandaula za tsitsi m'maiko momwe afala. Bungwe loona za chakudya ndi mankhwala ku America la FDA lidavomereza Wegovy mu 2021 ndi Zepbound mu 2023. Pa nthawi yoyesa Wegovy, anthu 3 mwa 100 adadandaula za kuthothoka tsitsi, poyerekeza ndi mmodzi mwa 100 pakati pa omwe adabayidwa jakisoni wopanda mankhwala. Kwa Zepbound adali 4 mpaka 5 mwa 100, ambiri mwa iwo amayi. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti chothothola tsitsi ndi kutsika kwa thupi mwaliwiro komanso kuchepa kwa chilakolako cha chakudya. Amene akulandira mankhwalawa kuchipatala sayenera kuwasiya pa okha chifukwa cha tsitsi, koma akambirane ndi dotolo. Ogula mwamseri ali pa chiopsezo china, pakuti mu 2024 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidachenjeza za majakisoni achinyengo a mtunduwu omwe adapezeka ku Brazil, Britain ndi America. M'dziko muno udindo wovomereza mankhwala uli m'manja mwa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority.

Si kuthothoka konse kumene kumadza kaamba ka kadyedwe. Kwa wochepetsa thupi, tsitsi limapyapyala mutu wonse mofanana, khungu limakhala lopanda zilonda ndipo munthu safika pa dazi lenileni. Tsitsi likamatha m'mphepete mwa mphumi, kawirikawiri chifukwa chake ndi kuluka kokoka kwambiri, mameshi ndi mawigi omatira, ndipo pamenepo mizu ikhoza kufa osameranso. Zigamba zozungulira zimaloza ku chipere kapena matenda ena a khungu. Choopsa kwambiri ndi pamene munthu akuwonda asakufuna, tsitsi n'kumathothokanso. Izi zikhoza kukhala zizindikiro za chifuwa chachikulu, HIV, shuga, chithokomiro kapena khansa, ndipo wotero ayenera kuthamangira kuchipatala m'malo mokondwera kuti malaya ayamba kukwana.

A zaumoyo amalangiza kuti munthu azitaya theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata, ndipo kudya kochepera makalori 800 pa tsiku kuzichitika pokhapokha dotolo akuyang'anira. Njira yabwino ndi kuchepetsa mitanda ya nsima, shuga, zakumwa zotsekemera, mowa ndi zokazinga, popanda kutaya gulu lililonse mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya omwe boma limalimbikitsa. Munthu wolemera makilogalamu 70 amafunika magalamu pafupifupi 56 a puloteni pa tsiku, ndipo dzira limodzi limapereka 6 okha, choncho usipa, matemba, nyemba, nandolo, soya ndi nsinjiro ziyenera kupezeka pa mbale. Chiwindi ndi nyama zimapereka ayironi wolowa msanga m'thupi. Wa m'nyemba ndi bonongwe amalowa bwino akadyera limodzi ndi gwafa kapena lalanje, pomwe tiyi womwera pa chakudya amamutchinga.

Mapiritsi a mavitamini otsatsidwa kuti amameretsa tsitsi sathandiza munthu amene sakuperewedwa kanthu. Vitamini A ndi selenium zikachuluka zimathothola tsitsi, ndipo mu 2017 FDA idachenjeza kuti biotin womwedwa wambiri amasokoneza zotsatira za kuyeza magazi, kuphatikizapo zoyeza matenda a mtima ndi chithokomiro.

Kadyedwe kakakonzedwa, kuthothoka kumaleka pakatha miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Popeza tsitsi la anthu akuda limakula osafika sentimita imodzi pa mwezi, pangatenge chaka kapena kuposerapo kuti mutu ubwerere mwakale. Likapitirira kugwa kupyola miyezi isanu ndi umodzi, munthu akayezetse kuchuluka kwa magazi, ayironi ndi chithokomiro. Zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi madotolo oona matenda a khungu ndi tsitsi.