Duwa la pa Miyala Losaopa Cilala

Cilala ca caka ca 2024 sitidzaciiwala msanga. Mu Febuluwale caka cimeneco Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Cimanga cinauma m'minda, zitsime zinaphwa, ndipo maluwa ogula ku tauni anafa pa makomo, pakuti panalibe wothirira duwa pamene ana akusowa madzi akumwa. Koma amene anapita ku mapiri anaona comera cimodzi cili cilili pa miyala.

Comera cimeneci ndi tembusha wa kuthengo, amene akatswiri amamucha Aloe chabaudii. Alovera wa m'masitolo kwao ndi ku Arabia, koma uyu ndi wathuwathu, womera yekha muno mu Zambia, ku Malawi ndi ku Zimbabwe. Amasunga madzi m'masamba ace onenepa. Usana amatseka timabowo topumira ta pa masamba, natsegula usiku kukazizira, cotero sataya madzi ambiri. Mu Juni ndi Julai, pamene thengo lauma, amatulutsa maluwa ofiira amene njuci ndi timbalame ta milomo yaitali zimapezamo cakudya. Mlimi woweta njuci adziwa phindu lace.

Kubzala sikubvuta. Tembusha amabereka ana pa tsinde. Patulani mwana mmodzi wokhala ndi mizu, mumuike pa mthunzi masiku awiri kapena atatu kuti bala liume. Mukamubzala bala lili lalisiwisi adzaola. Konzani kamtumbira ka dothi losakaniza ndi mcenga ndi timiyala, posadikha madzi, ndipo musiye masentimita 50 pakati pa comera ndi cinzace. Thirirani pang'ono mpaka agwire, kenaka musiyeni. Mdani wace wamkulu ndi madzi ocuruka.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala. Coyamba, musakazule citsa conse ku phiri. Pemphani mwana kwa mnansi amene ali naye kale, kuti adzukulu athu adzamupezenso pa miyala. Caciwiri, madzi ace acikasu owawa aja amatsegula m'mimba kwambiri. Ana asaseweretse, ndipo amai apakati asamwe konse.

Abale ndi alongo, cilala cidzabweranso. Bzalani tembusha pa khomo, m'mbali mwa njira ya ku chalichi ndi pa manda a makolo, pamene palibe wothirira tsiku ndi tsiku.