Kodi Mtengo wa Webusayiti Auwerenga Bwanji?

Ambiri a ife amene titenga phunziro la kompyuta tili ndi maganizo akuti tikatha mayeso a Fomu 4 tidzayamba kupangira anthu mawebusayiti, osadikira kalata yotiitana ku ofesi. Maganizo amenewa ndi abwino ndithu. Koma pali chinthu chimodzi chimene buku la m'kalasi silitiuza, ndicho mtengo. Munthu akapita kwa amisiri awiri ndi ntchito imodzimodzi, wina atchula mtengo wa mbuzi, wina atchula wa ng'ombe. Kodi woyambayo ndi wopusa, kapena wachiwiriyo ndi wakuba? Pa tchuthi chapitachi ndinafunsitsa mbale wanga amene achita ntchito yomweyi ku Blantyre, ndipo zimene ndinamva, pamodzi ndi zimene ndawerenga, ndifuna kukuuzani inu awerengi.

Choyamba tidziwe kuti pa ndalama zimene munthu alipira, zina sizikhala m'thumba la mmisiri. Webusayiti iliyonse isowa dzina, limene Azungu alitcha domain, ndiyo keyala imene anthu alemba pa foni kuti aipeze. Dzinali sagula kamodzi ngati njinga, achita kubwereka chaka ndi chaka. Maina otha ndi .mw ndi a dziko lathu, ndipo kaundula wake wakhala m'manja mwa bungwe la Malawi SDNP ku Blantyre. Otha ndi .com asungidwa ndi kampani ya ku America yotchedwa Verisign, imene mu Seputembala 2024 inaika mtengo wa madola 10.26 pa dzina limodzi pa chaka kwa ogulitsa ake, ndipo iwowa aikapo phindu lawo pamwamba. Webusayiti isowanso malo okhalapo, ndiwo kompyuta yaikulu yotchedwa seva, imene siizima usana ndi usiku. Malo amenewa nawonso ndi a lendi. Maseva ambiri amene amisiri athu abwereka ali kunja, ku South Africa, ku Ulaya kapena ku America, ndipo eni ake safuna kwacha.

Apa ndi pamene pagona vuto la mmisiri wa ku Malawi. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu inatsitsa mphamvu ya kwacha, ndipo dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze kuti mmisiri analipira madola 60 pa chaka, a dzina ndi malo pamodzi. Mu Okutobala ndalamayo inali K70,800, koma pofika Disembala inali K102,000, webusayiti ili yomweyo, osawonjezerapo ngakhale chithunzi chimodzi. Amene anapangana ndi kasitomala mtengo wa kwacha wa zaka zitatu analipira kusiyanako kuchokera m'thumba mwake. Chifukwa cha ichi amisiri ochenjera alemba mtengo wa dzina ndi malo padera, nanena kuti udzatsata dola.

Tsono tifike pa ntchito ya manja, imene ndiyo gawo lalikulu. Ife a ku Magaleta tidziwa bwino za ganyu. Munthu akafuna womulimira m'munda wa chimanga kapena wa mbatatesi, angathe kupangana naye za ndime, kuti ukatha apa mpaka pa mtengo wa mango uja ulandira zakuti. Kapena apangana za tsiku. Waganyu wa ndime afulumira, pakuti akatha msanga apita kwina. Koma ngati sanaiyendere ndimeyo poyamba, n'kupezamo nsangalabwi ndi zitsa, alima masiku atatu pa ndalama ya tsiku limodzi. Waganyu wa tsiku saopa zitsa, koma mwini munda ndiye akhala ndi nkhawa, naima pa chulu kuona ngati khasu likuyenda.

Ndi momwemonso pa webusayiti. Amisiri a maiko ena akonda kulipiritsa pa ola. Kuno kwathu anthu ambiri afuna kumva mtengo umodzi wa ntchito yonse asanavomere, ndipo sindiwadzudzula, pakuti ndani angakhulupirire maola a munthu amene agwira ntchito m'chipinda chake usiku? Komatu mtengo umodziwo uli ndi zitsa zake. Chitsa chachikulu ndi mawu aja akuti "tangowonjezerani pang'ono apa." Lero kasitomala afuna mtundu wobiriwira, mawa mkazi wake wati wofiira ndiye wokongola, mkuja komiti yakumana niganiza kuti pakhalenso tsamba la zithunzi za maliro a tcheyamani wakale. Telala wa pa msika akasoka diresi, mwini wake nasintha maganizo, amuuza kuti kuphwasula ndi ndalama ina. Mmisiri wa webusayiti ayenera kuchita chimodzimodzi: alembe pa pepala kuti masamba ndi angati, kusintha kwaulere ndi kangati, ndiponso kuti zopitirira apo zili ndi mtengo wake. Ambiri alandiranso theka la ndalama asanayambe, theka linalo potsiriza.

Nanga mtengo umodziwo auchotsa kuti? Ngakhale amene satchula maola kwa kasitomala awawerenga mumtima. Tiyeni tichite masamu, ndipo manambalawa ndangowasankha kuti chitsanzo chimveke. Tinene kuti mnyamata afuna kupeza K400,000 pa mwezi kuti alipire nyumba, adye, ndi kutumiza kangachepe kumudzi. Masiku 20 a ntchito, maola 8 pa tsiku, apanga maola 160. Wosazindikira agawa K400,000 ndi 160 nati ola lake ndi K2,500. Koma maola onsewo salipidwa iai. Ena atha ndi kufunafuna makasitomala, ena pa minibasi popita kukakambirana ndi munthu amene pamapeto pake akana, ena ndi kulondola ngongole, ena ndi kudikira magetsi. Ngati olipidwa ndi theka lokha, maola 80, ndiye kuti ola lake ndi K5,000. Webusayiti ya masamba 5 imene imudyera maola 30 ikhala K150,000, ndipo apo sitinaikepo dzina ndi malo, bandulo ya intaneti, msonkho, kapena ndalama yosunga kuti laputopu ikadzafa adzagule ina. Mphunzitsi wathu wa masamu akondwere, pakuti kugawa ndi kuchulukitsa kuja kuli ndi ntchito yake.

Chimene chisiyanitsa mbuzi ndi ng'ombe ndi kuchuluka kwa maola amenewa. Chiyambire 2003 pali pulogalamu yaulere yotchedwa WordPress, ndipo mawebusayiti ochuluka zedi pa dziko lapansi amangidwa pa iyo. Munthu angatenge maonekedwe okonzedwa kale, n'kuikamo mawu ndi zithunzi, ntchito n'kutha masiku awiri. Izi zili ngati kugula malaya osokasoka ndi kungopinda manja. Palibe choipa pamenepo, malinga mmisiri anene zoona, asalipiritse ngati wayamba yekha kuchokera pa nsalu. Koma taganizani za gulu la alimi a manachesi a kuno ku Neno limene lifuna kuti ogula a ku Blantyre ndi ku Lilongwe aziona katundu amene alipo, aziitanitsa, ndi kulipira pomwepo pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Pamenepo pafunika kulumikiza webusayiti ndi njira za ndalama, kuiteteza kwa akuba, ndi kuiyesa kambirimbiri, popeza ikalakwa pataika ndalama za anthu. Imeneyo ndi ntchito ya masabata. Kunja iwiriyo ioneka yofanana, monga nyumba ya maziko akuya ndi yopanda maziko zifanana zikapakidwa laimu.

Palinso tinthu tina timene kasitomala aganiza kuti tichitika tokha. Mawu adzalemba ndani? Zithunzi adzajambula ndani? Ngati afuna Chichewa ndi Chingerezi, ntchito ya masamba yakhala pawiri. Ndiponso anthu a kwathu aona intaneti pa foni, ndi bandulo yowerengera, kotero webusayiti yolemera zithunzi aitseka isanatseguke n'komwe. Kuipanga kuti ipepuke kufuna luso ndi nthawi, ngakhale kuti maso saona.

Za misika ya kunja ndinene pang'ono. Pa Fiverr, imene inayamba mu 2010 ndi ntchito za madola 5, kapena pa Upwork, mmisiri wa ku Malawi angapeze kasitomala wa ku London wolipira madola. Koma apikisana ndi anyamata a ku India, Pakistan ndi Nigeria amene ali ndi mbiri kale, ndipo Fiverr itengako 20 pa 100 iliyonse. Ine ndiganiza kuti woyamba kumene aphunzira zambiri popangira sukulu kapena mpingo wa kwawo. Ndinenenso mosabisa kuti si aliyense afunika webusayiti. Wogulitsa tomato pa Zalewa akwanira ndi WhatsApp kapena tsamba la Facebook, zimene salipira lendi, ndipo mmisiri womunyengerera kuti agule webusayiti angomudyera.

Kwa aphunzitsi athu olemekezeka, amene tsiku lina angakhale m'komiti yofuna webusayiti ya sukulu kapena ya mpingo, ndipempha kuti mufunse funso limodzi musanakondwere ndi mtengo wotsika: kodi dzinalo lilembedwa m'dzina la yani? Amisiri ena otchipa alembetsa domain m'dzina lawo, nasunganso mawu achinsinsi olowera. Chaka choyamba zonse zili bwino. Chaka chachiwiri abwera ndi mtengo wa lendi woposa wa kupanga, ndipo simungathe kupita kwa wina, popeza nyumba mwaimanga pa malo a eni. Mwinanso mnyamatayo wapita ku Johannesburg, nambala yake siikupezeka. Choncho pa pepala la pangano palembedwe kuti dzina ndi la sukulu, kuti mawu achinsinsi aperekedwa kwa mphunzitsi wamkulu pa tsiku lolipira theka lotsiriza, ndiponso kuti wosamalira webusayiti mwezi ndi mwezi ndani, pa ndalama zingati. Lembaninso tsiku limene lendi ya dzina ithera. Dzina la .com likapanda kulipiridwa webusayiti ileka kuoneka, ndipo miyezi itatu isanathe dzinalo libwerera pa msika, kumene munthu aliyense wa dziko lililonse angathe kuligula ndi kuikapo zimene afuna, anthu n'kumayesa kuti ndi za sukulu yathu.

Wophunzira wa Fomu 4, wa ku Magaleta