Fumbi la malasha silitha ukali likakhazikika

Makina akamaswa malasha pansi pa nthaka, fumbi lomwe limabuka limatenga njira zosiyana. Lokhakhala limagwa pompo. Losalala kwambiri, lomwe maso saliona n'komwe, limayandama mumpweya kwa maola ambiri, ndipo ndi limeneli lomwe limafika mkatikati mwa mapapo. Likaunjikana kwa zaka, mapapo amachita zipsera n'kuuma, munthu n'kumabanika ngakhale pokwera kamtunda kochepa. Matendawa, omwe madokotala amawatcha pneumoconiosis, alibe mankhwala ochiza, ndipo amatha kumakulabe munthu atasiya kale ntchito.

Pali linanso lomwe mphepo ya mafani a mumgodi imalitenga n'kukalisiya kutali: m'makoma, kudenga, pa malamba onyamula malasha. Ukaliona lili phee, ungati zatha. Koma mpweya wa methane ukangoyaka penapake, mphamvu yake imautsa fumbi lija, nalo limayaka n'kuutsa lina kutsogolo, moto n'kuthamanga mgodi wonse. Ndi zomwe zidachitika mumgodi wa ku Wankie, komwe lero timati ku Hwange m'dziko la Zimbabwe, pa 6 June 1972. Anthu 427 adafa, ena mwa iwo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo ambiri adatsekeredwa momwemo osaikidwa m'manda kwawo.

Njira zolimbana ndi fumbili n'zodziwika. Amapopera madzi pamalo pomwe makina akudula, nthawi zina osakaniza ndi mankhwala onga sopo, chifukwa fumbi la malasha limakana kunyowa. Lomwe lapulumuka n'kukakhazikika amalithira ufa wa miyala ya laimu, womwe suyaka koma umameza kutentha. Ku America, ngozi ya mumgodi wa Upper Big Branch itapha anthu 29 mu 2010, boma lidalamula kuti magawo 80 pa 100 aliwonse a fumbi la m'njira za mumgodi akhale osayaka. Apa m'pofunika khama lenileni, pakuti fumbi latsopano likangoyala pamwamba pa laimuyo, ngakhale pang'ono chabe, ndi lomwe limayamba kuuluka. Kuthira kamodzi sikokwanira.

Masiki amathandiza, koma mwini mgodi yemwe wangogawa masiki basi wasiya udindo wake paphewa la wantchito. Amene amalowa pansi ku Mchenga m'boma la Rumphi, kapena mgodi wina uliwonse wa malasha, ayenera kupeza madzi akupopera ndi mphepo ikuyenda, komanso kumaunikidwa m'chifuwa pafupipafupi asadayambe kutsokomola.